Nickel, chitsulo chopirira moto ndi chisanu

Masana a pa 20 Okutobala 1944, mumzinda wa Cleveland ku America, thanki yaikulu ya kampani ya East Ohio Gas inang'ambika. M'thankimo munali gasi amene anamuziziritsa mpaka anasanduka madzimadzi, pa madigiri 162 pansi pa ziro. Gasiyo anayenderera m'misewu, analowa m'ngalande za pansi pa nthaka, kenako anayaka. Nyumba zambiri zinapsa, zivindikiro za ngalande zinaulukira m'mwamba, ndipo anthu pafupifupi 130 anafa. Akatswiri atafufuza anapeza kuti chitsulo cha thankiyo chinali ndi nickel wochepa, magawo atatu ndi theka pa 100 alionse. Pa kutentha kwa masiku onse chitsulocho chinali cholimba bwinobwino, koma pa kuzizira koteroko chinkasweka ngati galasi. Lero mathanki ambiri a gasi wotere amapangidwa ndi chitsulo chokhala ndi magawo 9 a nickel pa 100 alionse.

Ambiri a ife tinaloweza manambala a zitsulo ku sekondale kuti tikhoze mayeso, ndipo mayeso atatha tinawaiwala. Nkhani ya ku Cleveland ikutikumbutsa kuti manambala amenewa amasenza miyoyo ya anthu. M'phunziro lino tiona makhalidwe a chitsulo chimodzi, nickel: kulemera kwake, mmene amachitira pamoto ndi pachisanu, ndi zimene zimachitika akakokedwa kapena kupindidwa. Tikafika kumapeto tidzakhala titamvetsa chifukwa chimene mainjiniya amalipira ndalama zambiri pogula chitsulo chimene, pachokha, sichiposa anzake m'nyonga.

Tigwirizane kaye pa mawu. M'Chichewa timati chitsulo potchula khasu, waya wa magetsi ndi poto yemwe, ngakhale zitatuzi n'zosiyana. M'phunziro lino mawu akuti chitsulo akuimira mtundu wonsewo. Ayironi ndi chitsulo chimene chimachita dzimbiri lofiira. Steel ndi ayironi wosakaniza ndi kaboni pang'ono, amene timamangira milatho ndi kusulira makasu. Zitsulo ziwiri kapena zingapo zikasungunulidwa pamodzi n'kukhala chimodzi, tizitcha msakanizo.

Dzina lake ndi kumene amachokera

Dzina la nickel linayamba ngati chipongwe. Kale anthu okumba migodi ku Germany ankapeza mwala wofiirira umene unkaoneka ngati uli ndi kopa. Akauika m'ng'anjo sumatulutsa kopa ayi, ndipo utsi wake unkawadwalitsa chifukwa munali poizoni wa arsenic. Iwo anati ndi ntchito ya kachiwanda ka m'migodi kamene ankakatcha Nickel, ndipo mwalawo anaupatsa dzina loti Kupfernickel, kutanthauza kopa wa kachiwandako. Mu 1751 katswiri wa ku Sweden, Axel Fredrik Cronstedt, anayenga mwalawo napezamo chitsulo choyera ngati siliva chimene palibe ankachidziwa. Dzina lachipongwe lija linatsalira pomwepo.

Pa tebulo la maelementi chizindikiro cha nickel ndi Ni, ndipo nambala yake ndi 28. Oyandikana naye ndi ayironi pa 26, cobalt pa 27 ndi kopa pa 29. Kuyandikana kumeneku kuli ndi tanthauzo, pakuti nickel amasakanikirana mosavuta ndi atatu onsewa. Ngakhale miyala yachitsulo imene imagwa kuchokera mumlengalenga imakhala ayironi wosakanikirana ndi nickel. Umodzi mwa miyala yotere, wolemera matani pafupifupi 16, uli ku Mbozi, kumwera kwa Tanzania.

Migodi yotchuka ya nickel ili ku Sudbury m'dziko la Canada, ku Norilsk m'dziko la Russia, ndi pa chilumba cha New Caledonia. Masiku ano dziko la Indonesia lokha limatulutsa nickel woposa theka la yense wokumbidwa pa dziko lapansi. Kuno kwathu kumwera kwa Africa, nickel wakhala akukumbidwa ku Bindura m'dziko la Zimbabwe ndi ku Munali, pafupi ndi Mazabuka, m'dziko la Zambia.

Chibadwa chake

Tiyambe ndi kulemera. Mutatenga chibuma cha nickel chachikulu ngati lita imodzi ya madzi, chingalemere makilogalamu 8.9. Madziwo amalemera kilogalamu imodzi yokha. Chibuma chomwecho chitakhala cha ayironi chingalemere makilogalamu 7.9, ndipo cha aluminiyamu 2.7. Choncho nickel ndi wolemera, ndipo palibe injiniya amene angapangire mapiko a ndege ndi chitsulo chimenechi.

Nickel amasungunuka pa madigiri 1,455. Aluminiyamu amasungunuka pa 660, n'chifukwa chake amisiri a m'misika amatha kuumba mapoto posungunula zidutswa zake pa moto wa makala wopemerera. Kopa amasungunuka pa 1,085, ndipo ayironi pa 1,538. Onani kuti ayironi akuposa nickel pamenepa. Mfundo imeneyi tiisunge, chifukwa tidzaifuna tikamakamba za injini za ndege.

Maginito amakoka nickel. Pa zitsulo zonse zodziwika, zitatu zokha ndi zimene maginito amazikoka mwamphamvu pa kutentha kwa masiku onse: ayironi, cobalt ndi nickel. Koma khalidwe limeneli lili ndi malire. Nickel akatentha kufika madigiri pafupifupi 355, maginito amaleka kumukoka, ndipo akazizira amayambanso. Malire amenewa amatchedwa ndi dzina la Pierre Curie, wasayansi wa ku France amene anafufuza nkhaniyi. Malire a ayironi ali pa madigiri 770.

Magetsi amadutsa mu nickel, koma mphamvu yake yowadutsitsa ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi a mphamvu ya kopa. Kutentha nako amakudutsitsa pang'ono chimodzimodzi. Akasakanizidwa ndi chitsulo china chotchedwa chromium, magawo 80 a nickel ndi 20 a chromium, pamatuluka waya wotchedwa nichrome amene amakaniza magetsi kuposa kopa kokwana ka 60 ndi kupitirira. Magetsi akamakakamira kudutsa, wayayo amatentha mpaka kufiira psu, koma sapsa, chifukwa pamwamba pake pamachita kachikopa kopyapyala kamene kamatsekereza mpweya. Albert Marsh wa ku America analembetsa umwini wa msakanizowu mu 1906. Mukamasita yunifomu kapena zovala za pa Sabata ndi simbi yamagetsi Lachisanu masana, kapena mukamaphika pa mbaula yamagetsi, kutenthako kukuchokera mu waya wa mtundu umenewu.

Chitsulo chilichonse chimatalika chikatentha. Ndodo ya nickel ya mita imodzi, ikatenthedwa ndi madigiri 100, imatalika ndi milimita imodzi ndi kachidutswa, pafupifupi 1.3. Ya steel imatalika pafupifupi chimodzimodzi. Chodabwitsa n'chakuti mukasakaniza magawo 36 a nickel ndi 64 a ayironi, msakanizowo umangotalika pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 10 a zimenezo. Charles Édouard Guillaume wa ku Switzerland anatulukira zimenezi mu 1896, msakanizowo unatchedwa Invar, ndipo mu 1920 iye analandira mphoto ya Nobel. Invar amagwiritsidwa ntchito m'zipangizo zoyezera ndi m'mawotchi, kumene kutalika pang'ono kokha kungasokoneze muyeso.

Akakokedwa ndi kupindidwa

Mainjiniya akafuna kudziwa nyonga za chitsulo amadula kandodo, n'kukamanga m'makina amene amakakoka pang'onopang'ono mpaka kaduke. Poyamba kandodoko kamatanuka ngati mpira wa legeni: mukasiya kukoka kamabwerera mwakale. Mukapitiriza, pamafika pena pamene kamagonja, ndipo kutalika kumene katalika sikubwereranso. Mukapitirizabe kamawonda pakati, kenako kamaduka. Pa ulendo wonsewu amayeza zinthu zinayi.

Choyamba ndi kukana kutanuka. Apa nickel ndi steel ali pafupifupi ofanana, pa muyeso wa 200 GPa, pamene aluminiyamu ali pa 70. Tanthauzo lake n'lakuti mukapachika katundu wofanana pa ndodo zofanana, ya aluminiyamu idzatanuka pafupifupi katatu kuposa ya nickel.

Chachiwiri ndi pamene chitsulo chimayamba kugonja, ndipo chachitatu ndi pamene chimaduka. Nickel wosasakaniza amene amagulitsidwa ku mafakitale, wotchedwa Nickel 200, akakhala wofewetsedwa pamoto, amayamba kugonja pa 150 MPa ndipo amaduka pa 460 MPa, pafupifupi. Kuti manambalawa amveke, ganizirani waya wochepa, wa milimita imodzi m'litali ndi imodzi m'lifupi pamene wadulidwa. Waya ameneyu angayambe kugonja mutapachikapo makilogalamu 15, ndipo angaduke pa makilogalamu pafupifupi 47, kutsala pang'ono kufika thumba la chimanga. Waya wotere wa steel wamba wofewa amayamba kugonja pa makilogalamu pafupifupi 25. Kunena zoona, pa mpikisano wa nyonga zokha nickel sangatenge chikho.

Chachinayi ndi kutalika kumene chitsulo chimatalika chisanaduke. Apa ndi pamene nickel amaonetsa ubwino wake. Kandodo ka masentimita 10 kangafike pafupifupi masentimita 14 kasanaduke. Yerekezani choko ndi nsungwi yaiwisi. Choko n'cholimba ndithu, koma mukachipinda chimangoti thyo, osachenjeza. Nsungwi yaiwisi imawerama, imalira, imakupatsani nthawi yoti muthawe. Chitsulo chimene chili ndi nyonga komanso chimalola kupindika chisanathyoke timati n'chopirira. Pomanga thanki, mlatho kapena sitima, kupirira n'kofunika kwambiri, chifukwa kamng'alu kakang'ono kakayamba, chitsulo chopirira chimagonja pang'ono pansonga ya mng'aluwo n'kuuimitsa, pamene chosapirira chimaulola kuthamanga mpaka kumapeto.

Pali khalidwe linanso. Nickel akamasulidwa, kupsinjidwa kapena kupindidwa ali wozizira, amanka naumirira. Nyonga zake zimakwera, koma kulola kupindika kumachepa. Akatenthedwa bwino pamoto amafewanso. N'chifukwa chake amisiri amavutika kuboola kapena kusema misakanizo ya nickel: mpeni wa makina ukangokhuta pamwamba osadula, malowo amauma, ndipo mpeniwo umabuntha msanga.

Chinsinsi chili m'kasanjidwe ka maatomu

N'chifukwa chiyani nickel amapirira chotere? Yankho lili mmene maatomu ake anasanjikidwira. Pitani pamsika mukaone mmene mayi wogulitsa malalanje amaunjikira mulu wake: mzere wapansi wothithikana, ndipo lalanje lililonse la pamwamba likukhala m'kadzenje ka pakati pa anzake. Maatomu a nickel amasanjana mothithikana chotero. Asayansi amakajambula ngati kabokosi kokhala ndi atomu pa ngodya iliyonse ndi ina pakati pa khoma lililonse. Kopa, aluminiyamu ndi golide nawonso ali ndi kasanjidwe kameneka.

Ayironi pa kutentha kwa masiku onse ali ndi kasanjidwe kena: atomu pa ngodya iliyonse ya kabokosi, ndi imodzi pakatikati penipeni. Maatomu ake sathithikana kwambiri.

Chitsulo chikamapindika, chimene chikuchitika m'kati n'chakuti mizere ya maatomu ikutsetsereka pamwamba pa inzake. M'kasanjidwe ka nickel kutsetsereka kumeneku n'kosavuta, kaya kukutentha kaya kukuzizira. M'kasanjidwe ka ayironi kutsetsereka kumafuna thandizo la kutentha. Kukazizira kwambiri mizereyo imakanika kusuntha, ndipo chitsulo chimene sichingagonje chimangosweka. Komanso nickel sasintha kasanjidwe kake kuchokera pa kuzizira koopsa mpaka pamene amasungunuka, pamene ayironi amasintha akafika madigiri 912. Makhalidwe ambiri amene tikukambirana akuchokera pa mfundo imodzi imeneyi.

Pachisanu

Pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, dziko la America linapanga sitima zonyamula katundu zoposa 2,700 zotchedwa Liberty. Zambiri zinachita ming'alu, ndipo zingapo zinathyoka pakati m'nyanja zozizira za kumpoto. Constance Tipper, mayi wasayansi wa ku yunivesite ya Cambridge, anaonetsa kuti steel wa sitimazo anali ndi malire a kuzizira: pamwamba pa malirewo anali wopirira, pansi pake ankasweka.

Nickel akathiridwa mu steel amatsitsa malire amenewa. Nickel akachuluka, malirewo amatsika kwambiri. Steel wa magawo atatu ndi theka amagwira bwino ntchito mpaka madigiri pafupifupi 100 pansi pa ziro. Gasi wa ku Cleveland anali pa 162. Steel wa magawo 9 amapirira mpaka 196 pansi pa ziro. Sitima zina zonyamula gasi wamadzimadzi zimayalidwa m'kati ndi Invar uja, chifukwa iye safupika kwambiri akazizira, motero mowotcherera mwake simung'ambika. Nkhaniyi siili kutali nafe, pakuti kuyambira mu 2022 anansi athu a ku Mozambique akugulitsa kunja gasi wamadzimadzi wochokera pansi pa nyanja, kufupi ndi chigawo cha Cabo Delgado.

Pamoto

Tinaona kuti ayironi amasungunuka pa kutentha kokwera kuposa nickel. Nanga bwanji mbali zotentha kwambiri za injini ya ndege zimapangidwa ndi misakanizo ya nickel?

Chitsulo chimafooka chisanafike posungunuka. Kandulo yosiyidwa pawindo m'mwezi wa Okutobala imawerama yokha ngakhale sinasungunuke. Zitsulo nazo zimatero: chikakhala pamoto nthawi yaitali chitasenza katundu, chimatalika pang'onopang'ono mpaka kuduka. M'injini ya ndege muli timapeni timene timazungulira maulendo masauzande pa mphindi imodzi m'kati mwa mpweya wamoto. Kapeni kamodzi kakatalika n'kukhudza khoma, injini yonse ili pangozi. Steel wamba amataya nyonga zake zambiri akapitirira madigiri 500 kapena 600, ndiponso amapsa pamwamba n'kumayoyoka.

M'zaka za m'ma 1940, pamene Frank Whittle ankakonza injini yake ya jeti ku England, akatswiri a zitsulo kumeneko anapanga misakanizo ya nickel ndi chromium yotchedwa Nimonic. Chinsinsi chake n'chakuti mukathiramo aluminiyamu ndi titanium pang'ono, m'kati mwa chitsulocho mumabadwa timibulu tosaoneka ndi maso, ta maatomu atatu a nickel pa atomu imodzi ya aluminiyamu. Timibuluti timakhala ngati zikhomo zoletsa mizere ya maatomu kutsetsereka. Chachilendo n'chakuti nyonga zake zimawonjezeka kutentha kukamakwera, mpaka cha m'ma madigiri 700 kapena 800, pamene zinthu zina zonse zikufooka. Timibuluti timakhazikika bwino mu nickel chifukwa kasanjidwe ka maatomu ake kakufanana kwambiri ndi ka nickel weniweniyo.

M'injini zamakono mpweya wamoto umatentha kuposa pamene chitsulo cha timapeni chimasungunukira. Timapulumuka chifukwa tili ndi timabowo todutsa mpweya wozizirirapo, komanso timapakidwa zoteteza kunja kwake. Ndege imene imanyamuka pa Chileka kapena pa Kamuzu International Airport imadalira misakanizo yotereyi.

Dzimbiri ndi supuni ya kukhitchini

Nickel sachita dzimbiri msanga, chifukwa pamwamba pake pamachita kachikopa kopyapyala komuteteza. Amapirira kwambiri soda woopsa uja amene amapangira sopo, ngakhale sodayo akhale wotentha, motero mafakitale opanga soda ameneyu amagwiritsa ntchito ziwiya za nickel. Msakanizo wa magawo pafupifupi awiri a nickel ndi limodzi la kopa, wotchedwa Monel, umapirira madzi amchere a m'nyanja zazikulu.

Komabe nickel wambiri, pafupifupi magawo awiri mwa atatu a yense amene amatulutsidwa pa chaka, amapita kukapanga stainless steel, chitsulo chonyezimira cha masupuni, masinki, mathanki a mkaka ndi ziwiya zambiri za m'chipatala. Pa masupuni ena pamalembedwa 18/8, kutanthauza magawo 18 a chromium ndi 8 a nickel, otsalawo ambiri ndi ayironi. Woteteza wamkulu ku dzimbiri pamenepa ndi chromium. Ntchito ya nickel ndi ina: amachititsa maatomu a ayironi kusiya kasanjidwe kawo n'kutengera kothithikana kaja. Zikatero chitsulo chonse chimalola kupindidwa ndi kuumbidwa kukhala sinki kapena poto wakuya osang'ambika, chimawotchereredwa mosavuta, ndipo sichisweka pachisanu. Magawo 8 okha asintha khalidwe la chitsulo chonse.

Apa palinso chodabwitsa chimene ophunzira amachikonda. Maginito amakoka ayironi, amakokanso nickel, koma supuni ya 18/8 saikoka, kapena amangoikoka pang'ono pamalo amene inapindidwa kwambiri. Supuni yolembedwa 18/0, imene ilibe nickel, imamatirira pa maginito.

Kwa amisiri owotcherera

Mbali zina za injini, za mapampu ndi za makina zimapangidwa ndi cast iron, ayironi wothiridwa m'chikombole amene ali ndi kaboni wambiri. Chitsulo chimenechi chikasweka chimavuta kuwotcherera. Mmisiri akagwiritsa ntchito rodi wamba wa steel, kaboni uja amalowa m'chowotchereracho n'kuchiumitsa ngati mwala, ndipo pozizira chimang'ambika m'mbali. Amisiri odziwa amagwiritsa ntchito marodi a nickel. Nickel sagwirana ndi kaboni n'kuuma monga amachitira ayironi, choncho chowotchereracho chimakhala chofewa, chimagonja pang'ono pamene chitsulo chikufupika pozizira, ndipo chimatheka kupalidwa ndi tupa. Marodi amenewa ndi okwera mtengo kwambiri, ndipo yesero logwiritsa ntchito otchipa limakhalapo, popeza mwini makina sangaone kusiyana pa tsiku lolandira katundu wake.

Zofooka zake

Nickel ali ndi adani. Wamkulu ndi sulfur. Pa kutentha kwambiri sulfur amagwirana ndi nickel n'kupanga chinthu chimene chimasungunuka pa madigiri pafupifupi 640 okha, ndipo chimalowerera m'kati mwa chitsulo n'kuchiphwanya. N'chifukwa chake mmisiri ayenera kupukuta girizi, oyilo ndi penti yense asanawotcherere msakanizo wa nickel.

Anthu ena khungu lawo silimvana ndi nickel. Lamba wachitsulo wa wotchi, chomangira lamba wa m'chiuno kapena batani la thalauzi la jinzi lingayambitse zidzolo zoyabwa pamalo pamene lakhudza. Njira ina yoyengera nickel, imene inachokera pa zimene Ludwig Mond anatulukira mu 1890, imadutsa mu mpweya wa poizoni woopsa umene umafuna kusamala kwakukulu.

Nthaka nayo imalipira. Ku Sudbury utsi wa ng'anjo unapha mitengo ndi udzu pa dera lalikulu, ndipo anthu akumeneko atha zaka zambiri akubzalanso. Ku Indonesia nkhalango zikugwetsedwa kuti akumbe dothi la nickel, amene tsopano akufunidwanso popanga mabatire a galimoto zamagetsi. Chotonthoza n'chakuti nickel amatha kusungunulidwanso kambirimbiri osataya ubwino wake. Ife amene timaphunzitsa za ukapitawo tisaiwale kuti ukapitawo umakhudzanso zimene timakumba pansi ndi zimene timataya kudzala.

Phunziro kwa ife

Mpingo wathu umaphunzitsa kuti chilengedwe chimachitira umboni za Mlengi, ndipo umboniwo sulekera pa maluwa ndi nyenyezi. Uli ngakhale m'kasanjidwe ka maatomu, kamene kamatsata lamulo lomwelo ku Bindura ndi ku Sudbury. Injiniya amatha kuwerengera mlatho usanamangidwe chifukwa lamulolo silisinthasintha. Koma pa chifukwa chomwecho, lamuloli silimva kupepesa. Wina akaika chitsulo chosayenera, kaya chifukwa cha umbuli, changu kapena kufuna kusungako ndalama, chisanu kapena moto ukafika chitsulocho chidzachita monga mwa chibadwa chake.

Pali zinthu zambiri pamsika zimene zinangokutidwa ndi nickel pamwamba kuti zinyezimire. Kukutako kuli ndi ntchito yake, koma kukangokandika dzimbiri limayamba, ndipo akulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Supuni ya 18/8 ndi yosiyana: mungaipale, mungaidule, nickel ali monsemo ngakhale simungamuloze ndi chala. Ena mwa ife tidzakhala aphunzitsi, ena anamwino, ena oyang'anira ntchito zomanga kapena ndalama za mpingo. Mbali yaikulu ya ntchito zimenezi palibe adzaione pa tsiku limene tikuigwira. Mwana amene mphunzitsi wamulowezetsa nambala popanda kumuuza tanthauzo lake angakhoze mayeso, koma tsiku lina ndi iye amene adzasaine pepala lovomereza chitsulo cha thanki.

Zoyesa m'kalasi kapena kunyumba

Tengani maginito a mu sipika yakale, muyese masupuni, mipeni, sinki ndi mapoto. Lembani zimene zakokedwa mwamphamvu, zokokedwa pang'ono ndi zosakokedwa. Kumbukirani kuti aluminiyamu ndi kopa nazonso sizikokedwa, choncho maginito okha sangakuuzeni zonse. Yerekezaninso kulemera kwake.

Tengani waya wa kopa wokhuthalako, muupinde ndi kuuwongola pamalo amodzi kangapo. Mudzamva kuti malowo akunka naumirira mpaka waya aduke. Nickel amachitanso chimodzimodzi.

Mafunso okambirana

1. Kodi nyonga za chitsulo ndi kupirira kwake zikusiyana bwanji? Perekani chitsanzo cha chinthu cha pakhomo chimene chili ndi nyonga koma n'chosapirira.

2. Ayironi amasungunuka pa kutentha kokwera kuposa nickel. Fotokozani chifukwa chimene timapeni ta injini ya ndege timapangidwira ndi misakanizo ya nickel.

3. Chibuma cha nickel ndi cha aluminiyamu n'zofanana kukula, ndipo cha aluminiyamu chikulemera makilogalamu 5.4. Kodi cha nickel chikulemera bwanji?

4. Mmisiri wauzidwa ndi mwini makina kuti agwiritse ntchito marodi otchipa pa cast iron, pamene iye akudziwa kuti chowotchereracho chidzang'ambika. Akakana, ntchito ipita kwa wina. Kodi inu mungamulangize zotani?